Amisiri Owerenga Matope a Pansi pa Nyanja

Okumba njira ya sitima ya pamtunda akafika pa phiri, nthawi zina salizungulira. Amalidula pakati, njanji n'kudutsa mumpata wa makoma awiri a miyala. Ku Britain mipata ina yotere imatetezedwa ndi lamulo, ngakhale kumene sitima inaleka kalekale kudutsa, chifukwa pamakoma ake munthu amaona miyalo ya miyala itasanjikizana, wakale pansi, watsopano pamwamba, ndipo m'miyaloyo muli zigoba ndi mafupa a zamoyo zimene zinatha padziko. William Smith, amene anatulutsa mapu a miyala ya England ndi Wales mu 1815, analiphunzira luso lake m'ngalande zimene ankakumba kuti muzidutsa mabwato a malasha. Anaona kuti muyalo uliwonse uli ndi zigoba zakezake, ndipo miyaloyo imatsatana mofanana kulikonse kumene ipezeka.

Ku Nkhata Bay kulibe njanji. Misewu yodula mapiri ilipo, monga wotsika kuchokera ku Mzuzu, koma miyala yambiri yooneka m'mbali mwake ndi yakale zedi, yophikidwa ndi kutentha kwa pansi pa dziko mpaka chilichonse chimene chikanasungikamo chinafafanizika. Wofuna mafupa osanduka mwala apite ku Chiweta, kapena ku Karonga kumene kunapezeka Malawisaurus ndi chibwano cha munthu wamakedzana cha ku Uraha. Miyalo ya ku Nkhata Bay ili pansi pa madzi a nyanja ya Malawi. Kufupi ndi gombe la Usisya, kumene mapiri amatsika molunjika kulowa m'nyanja, ndiko kuli kozama koposa, pafupifupi mamita 700. Mu 2005 gulu la akatswiri, pakati pawo Christopher Scholz, Thomas Johnson ndi Andrew Cohen, linaimika chombo pamadzi akuya mamita 592 m'dera limeneli, n'kuboola matope a pansi mamita ena 380. Chimene anatulutsa ndi ndodo zazitali za matope, zonenepa kusaposa mkono wa munthu, zimene iwo amazitcha core. M'ndodo zimenezi muli zaka pafupifupi 1,300,000.

Chimachititsa kuti matope amenewa akhale amtengo wapatali ndi khalidwe la nyanjayo. Madzi ake akuya sasakanikirana ndi a pamwamba. Kupitirira mamita 200 kapena 250 kutsika, mpweya wa okosijeni mulibe, choncho pansi pake palibe nyongolotsi, nkhono kapena nkhanu yoti n'kufukula matope. Chimene chagwa chimagona pomwe chagwerapo. Mvula ikamagwa, mitsinje monga Luweya, South Rukuru ndi Ruhuhu ya ku Tanzania imabweretsa dothi, ndipo pansi pamayalika kamzere kakuda. Mwera ukayamba, mphepo imavundula madzi, chakudya cha m'munsi chimakwera, ndere zosaoneka ndi maso zimaswana mochuluka, zikafa n'kuyala kamzere koyera. M'malo ena, makamaka kumpoto kwa nyanja, timizere tiwiriti timaoneka bwino moti tingawerengedwe: kakuda ndi koyera, chaka chimodzi. Tikagawa mamita 380 ndi zaka zonsezo, tipeza kuti mita imodzi ya matope inatenga zaka zoposa 3,000 kuti iunjikane.

Malo oboola sanasankhidwe mwachisawawa. Kuyambira m'ma 1980, pa kafukufuku wa Project PROBE wa yunivesite ya Duke, akatswiri ankayenda panyanja akukoka chida chotulutsa phokoso lamphamvu m'madzi ndi chingwe chachitali chomvera. Phokosolo likagunda muyalo uliwonse wa pansi limabwerera, ndipo nthawi imene latenga imasonyeza kuya kwa muyalowo. Pazithunzi zotuluka pamenepo anaona magombe akale ndi mathiriro a mitsinje ali mamita mazanamazana pansi pa madzi, chizindikiro chakuti nyanja inaphwerapo koopsa. Chimene chithunzi sichikanatha kunena ndi chakuti zinachitika liti. Anafunafuna malo amene miyalo yake yagona mosadukiza, kutali ndi zigumukire za m'mphepete, ndi ozama mokwanira kuti ngakhale pa chilala chachikulu panatsalabe madzi.

Kenako panabwera vuto la chombo. Nyanja ya Malawi ilibe njira yoti sitima yoboolera ya kunyanja zamchere n'kulowera. Anatenga Viphya, chombo chafulati chonyamula mafuta chimene chinali kale panyanjapo, n'kuchisandutsa msasa wa ntchito: anaboola chibowo pakati pake chotsitsira mapaipi, anaimikapo nsanja ya makina oboolera, n'kusanjapo makontena ogonamo, ophikiramo ndi oyezeramo. Pamadzi akuya chonchi nangula sathandiza. Koma paipi yoyenda kuchoka pachombo mpaka pansi imafuna kuti chombo chisasunthe, apo ayi ipindika kapena kuthyoka. Msodzi wa utaka amadziwa vuto limeneli: akapeza chirundu, amayang'ana mapiri awiri kumtunda, n'kumapalasa pang'onopang'ono molimbana ndi mphepo kuti bwato lisachoke pamalopo. Pa Viphya ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi injini zokankha madzi zomangiriridwa m'mbali, zolamulidwa ndi kompyuta imene inkafunsa masetilaiti mosalekeza kuti chombo chili pati. Mphepo ikakankhira kumpoto, injini zinkabwezera kummwera, usana ndi usiku, kwa masiku onse amene paipi inali m'dzenje.

Mapaipi amalumikizidwa imodzi ndi imodzi, iliyonse kupotedwa pa inzake, mpaka mzere wonse utafika pansi. Apa ndi pamene pali nzeru imene imandigometsa kwambiri. Matope a pamwamba ndi ofewa, ndipo ukawaboola ndi mano ozungulira umangowatakasa, miyalo yonse n'kusokonezeka. Choncho m'kati mwa paipi yaikulu amatsitsamo paipi ina yopyapyala ya mlomo wakuthwa, imene mwake muli chubu cha pulasitiki choonekera. Paipi yaing'onoyi imagwiridwa ndi timisomali topangidwa kuti tithyoke dala. Amapopera madzi kuchokera pachombo, mphamvu imakwera, timisomali timaduka, ndipo paipi imalasa matope kamodzi n'kamodzi, mamita atatu kapena kuchepera, patsogolo pa mano asanafikepo. Pisitoni ya m'kati imatsala pamalo ake kuti matope alowe m'chubu osapanikizika. Kukamwa kwa paipiyo kuli tizala tachitsulo topindikira m'kati, totsegukira matope polowa n'kutseka akafuna kutuluka. Akakoka ndi waya, chubu chimakwera chodzaza. Mano aja tsopano amaboola mamita omwe atengedwawo, chubu china chimatsika, n'kulasanso. Pansi kwambiri, pamene matope aumirira, amasintha chida n'kuika chodula mozungulira.

Chubu chikafika pachombo, manja amathamanga koma mosamala. Amachipukuta, amachiyeza, amachidula m'zigawo, amatseka mbali zonse ziwiri ndi zivindikiro n'kumata tepi. Pachigawo chilichonse amalemba dzenje, nambala ya ndodo, ndi muvi wosonyeza kumene kuli kumwamba. Muvi umenewu ndi kanthu kochepa, koma chigawo chimodzi chikatembenuzidwa ndiye kuti zaka masauzande ziwerengedwa chobwerera. Matope a nyanja yakuya amakhala ndi mpweya wochokera ku zinthu zowola, ndipo akachoka pansi pa kulemera kwa madzi mpweyawo umatukumuka n'kuyamba kukankha matope m'chubu. Mmisiri amaboola timabowo papulasitiki kuti utuluke. Pakati pa ndodo ina ndi inzake pamatayika kadothi pang'ono, ndiye amaboola dzenje lina pafupi pomwepo, moyambira mosiyana, kuti mpata wa dzenje loyamba ugwere pakati pa ndodo ya dzenje lachiwiri. Pamalo awiri, pa mamita 592 paja ndi kumpoto pamadzi akuya mamita 359, anatulutsa matope opitirira mamita 600 onse pamodzi.

Ndodozo zinatumizidwa ku yunivesite ya Minnesota ku America, kumene kuli nyumba yosungira matope a m'nyanja zosiyanasiyana. Zisanatsegulidwe zimadutsa m'makina oyeza kulemera kwa matope ndi kuchuluka kwa tizitsulo tokokedwa ndi maginito, sentimita ndi sentimita. Kenako amazing'amba m'litali. Kamacheka kamadula pulasitiki yokha mbali ziwiri osakhudza matope, ndipo waya wopyapyala kapena mpeni wautali umapyoza pakati, ndodo n'kugawika pawiri. Nkhope ya matope imakhala yopakika, choncho munthu amatenga kagalasi n'kupala mopepuka, chopingasa, motsata mmene miyalo yagonera. Akapala chotsika, akokera dothi la chaka china pa chaka chinzake. Akangopala, timizere timaonekera, ndipo amajambula nthawi yomweyo, popeza matope amene sanaonepo mpweya amasintha mtundu akakhala pamtetete. Mtunduwo amaufananiza ndi kabuku ka mitundu ya dothi ka Munsell, kuti chimene mmodzi wachitcha chobiriwira motuwa chikhale chomwecho kwa wina wa dziko lina.

Theka limodzi ndi logwirirapo ntchito. Theka linalo salikhudza: amalikulunga mupulasitiki, amalilowetsa m'chubu china, n'kuliika m'chipinda chozizira madigiri 4. Pa theka logwirirapo ntchito, paliponse pamene patapidwa dothi amatsekapo ndi kasiponji, kuti matope a m'mbali asagwere m'dzenjemo. Lamulo losunga theka ndi lanzeru, chifukwa limavomereza kuti kudzabwera anthu a zida zabwino ndi mafunso amene lero sitinawaganize. Ndingakonde chabe kuti chigawo chimodzi chong'ambidwa, kapena chithunzi chake cha msinkhu weniweni, chikadakhala pamalo oonekera ku Nkhata Bay kapena ku nyumba yosungira zakale ya ku Karonga, ana a sukulu a ku Chintheche akaone ndi maso awo zimene zagona pansi pa madzi amene amasambamo.

Kuwerenga kumayamba ndi chotokosera m'mano. Katswiri amatapa kadothi kongokwana pansonga yake, amakaika pagalasi ndi kadontho ka madzi, amakasungunula mozungulira mpaka kataonda, amaumika pa chitsulo chofunda, amadonthezapo guluu woonekera, n'kuvindikira ndi kagalasi kena kopyapyala. Pa maikulosikopu, chida chokulitsa tinthu tosaoneka, kadothi kaja kamasanduka khamu la zigoba. Zambiri ndi za madayatomu, ndere za selo imodzi zimene zimadzimangira nyumba ya galasi, yokhala ndi timabowo tosanjidwa mwadongosolo, mtundu uliwonse ndi kasanjidwe kake. Mtundu wotchedwa Aulacoseira ndi wolemera, umamira msanga ngati madzi ali bata, choncho ukachuluka m'muyalo ndiye kuti zaka zimenezo mphepo inkavundula nyanja mwamphamvu. Mitundu ina imamera pamiyala ndi pa zomera za m'madzi osaya. Ikapezeka yambiri m'matope a pakatikati pa nyanja, gombe linali pafupi.

Dothi lina amalitsuka pa sefa ya mabowo aang'ono kwambiri. Zotsala pasefa amaziumika n'kuziwaza pa kambale kakuda, ndipo munthu amakhala pansi ndi kaburashi kojambulira, kansonga kake kanyowetsedwa, n'kumatola chimodzichimodzi: minga ndi mano a nsomba, tizidutswa ta mphutsi za nkhungu zija zimafuka panyanja, makala, ndi tizigoba ta maositirakodi. Maositirakodi ndi abale ang'onoang'ono a nkhanu, otsekeredwa m'zigoba ziwiri, ochepa kuposa njere ya mawere. Amakhala pansi ndipo amafuna mpweya. M'matope a masiku ano a pamalo aja sangapezekemo, chifukwa pansi pa mamita 592 palibe chopuma. Koma ukatsika ndi ndodo umafika pamene matope akuda a timizere amatha mwadzidzidzi, n'kuyamba dothi lotuwa, lolimba, lodzaza laimu, lopanda mizere chifukwa tizilombo tinalifukula, ndipo maositirakodi ali mbwee. Tanthauzo lake ndi limodzi: pamalo amenewa madzi anali osaya moti mphepo inkafikitsa mpweya pansi. Kumalo a kumpoto kuja anapeza zoposa apa, mchenga wa pagombe ndi nthaka imene inaumapo padzuwa.

Zimenezi zitasindikizidwa mu 2007 zinasonyeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zimene zinatsitsa nyanja ndi mamita opitirira 500, madzi ake n'kuchepa ndi magawo 95 pa 100 alionse. Panatsala nyanja yaing'ono, yamchere pang'ono, m'chigwa chakuya cha kuno kwa Nkhata Bay ndi Usisya. Kumene lero kuli gombe la Chintheche kunali kumtunda kouma, kachilumba ka Kande kanali chulu cha miyala, ndipo ku Likoma munthu akanapita wapansi. Ndodo yonse itawerengedwa, zotsatira za mu 2015 zinaonetsa kuti nyanja inatsika mamita oposa 200 nthawi zokwana 24. Ofufuza za mbuna, utaka ndi nsomba zina za mtundu umenewu, zimene zilipo mitundu mazanamazana m'nyanjayi, amaiganizira kwambiri nkhaniyi, pakuti nyanja ikaphwa miyala ya m'mbali imene nsombazo zimakhalamo imatsala pamtunda, ikadzaza pamabadwa malo atsopano otalikirana.

Nanga zaka amazidziwa bwanji? Palibe njira imodzi yokwanira ndodo yonse, choncho amalumikiza zingapo. Pamwamba amayeza kaboni wa m'zinthu zowola, amene amachepa pamlingo wodziwika, koma njirayi imathera pa zaka pafupifupi 50,000. Kupitirira apo amayeza mchenga, umene umasunga m'kati mwake chizindikiro cha nthawi imene unaona dzuwa komaliza. Pa chifukwa chimenechi dothi loyezedwa motere amalitapa mumdima, pansi pa nyali yofiira. Pansi kwambiri amadalira tizitsulo tija: pogwa m'madzi timaloza kumene maginito a dziko akuloza, ndipo timaumira momwemo. Zaka pafupifupi 780,000 zapitazo maginito a dziko anatembenuka, kumpoto n'kukhala kummwera, ndipo pamene tizitsulo ta m'ndodo tatembenukira ndi chikhomo chodziwika padziko lonse.

Chikhomo chokongola koposa chinapezeka patatha zaka zingapo chiboolereni. Zaka pafupifupi 75,000 zapitazo phiri la Toba, pachilumba cha Sumatra ku Indonesia, linaphulika koopsa. Christine Lane ndi anzake anaganiza kuti phulusa lake likhoza kukhala m'matope a ku Malawi, ngakhale palibe mzere wooneka ndi maso. Phulusa la phiri lophulika ndi tizidutswa ta galasi. Anatapa dothi motsatizana m'mamita angapo, analisefa, n'kulithira m'madzi olemera amene anawasakaniza mwakuti zopepuka ziyandame, zolemera zimire, galasi la phirilo litsale palokha. Kenako anawerenga tizidutswato pa maikulosikopu, chigawo ndi chigawo, mpaka anafika pamene tinachuluka, pafupifupi mamita 28 pansi pa matope. Anatola kamodzikamodzi, anatiumika mu guluu, anatipala mpaka kusalala, n'kuyeza zopangira zake. Zinafanana ndi za Toba, phiri lotalikira makilomita oposa 7,000. Zotsatirazi zinatuluka mu 2013, ndipo zinayankhanso funso lina. Ena ankati kuphulika kumeneku kunazizitsa dziko mpaka anthu anatsala pang'ono kutha. M'matope a pamwamba ndi a pansi pa phulusalo simunaoneke kuzizira kwakukulu kotero m'dera lino la Africa.

Ntchito yofuna kupirira kuposa zonse ndi ya mungu. Maluwa, udzu ndi mitengo zimamwaza mungu, mphepo ndi mitsinje zimaufikitsa panyanja, ndipo khungu la kambewu kalikonse ka mungu ndi lolimba moti limapirira asidi wosungunula mchenga. Katswiri amatenga kadothi kodzaza kasupuni kakang'ono. Amathiramo asidi wochotsa laimu, mankhwala ochotsa zowola, ndi asidi wina woopsa wodya mchenga ndi galasi, akutsuka ndi kuzunguza m'makina pakati pa sitepe iliyonse. Asanayambe amaponyamo kapiritsi kokhala ndi njere za chomera chachilendo zowerengedwa kale, kuti pomaliza adziwe kuchuluka kwa mungu poyerekeza ndi njerezo. Chotsala ndi kadontho. Pa maikulosikopu amayenda mzere ndi mzere, akuwerenga mazana angapo pa galasi limodzi. Mungu wa udzu ndi wozungulira, wa kabowo kamodzi. Wa Podocarpus, mtengo wa m'nkhalango zozizira za kumapiri, uli ndi timatumba tiwiri ta mpweya m'mbali. Wa miombo uli ndi maonekedwe akeake. Powerenga galasi ndi galasi kutsika ndi ndodo, Sarah Ivory ndi anzake anaona nkhalango zikutsika m'mapiri m'nyengo za mvula, zikubwerera m'nyengo zouma, udzu n'kutenga malo.

M'magalasi omwewo ndi pasefa paja muli makala, ndipo nawo amawerengedwa. Kwa zaka mazana a masauzande nkhani inkayenda mofanana: nyanja ikadzaza, nkhalango zimabwerera ndi mitundu yake yambiri. Koma nyanja itadzazanso pambuyo pa zaka 85,000 zapitazo, mvula inabwerera, nkhalango sizinabwerere monga kale, ndipo makala anachuluka. Nthawi yomweyo, m'maenje amene Jessica Thompson ndi gulu lake anakumba m'boma la Karonga, zida za miyala zosemedwa ndi anthu zikupezeka zambirimbiri m'miyalo ya mchenga ya zaka zoyambira cha pa 92,000 zapitazo. Ataika pamodzi mungu, makala ndi zidazo, mu 2021 anafotokoza kuti anthu a nthawi imeneyo ankatentha tchire, ndipo moto wawo unasintha zomera za kumpoto kwa nyanja ndi kukokolola kwa nthaka yake. Umboni wa mbali ya kunyanja unachokera m'ndodo zomwe zija za mu 2005, zotapidwa ndi supuni, sentimita imodzi pano, ina patsogolo.